Kodi seva yopanda disiki ingadzukire pa netiweki? Yankho kwa mnzathu wa ku Kasungu

Funso ili lachokera ku Kasungu, ndipo ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ya kopaletivi ya alimi kuno ku Kasungu. Tili ndi seva yomwe tinagula yakaunjika. Madisiki ake afa kachiwiri tsopano, ndipo a mtundu wake kuno sapezeka. Koma tili ndi makina ena a Linux okhala ndi madisiki anayi abwinobwino, momwe timasungamo mafayilo. Mnzanga akuti seva ikhoza kudzuka popanda disiki n'kumatenga zonse pa makina enawo kudzera pa netiweki. Kodi n'zoona, ndipo zimatheka bwanji? Komanso abwana akufunsa ngati zosungirazo zingakhale ku likulu lathu ku Lilongwe, seva n'kumadzukira kuno kudzera pa intaneti."

Achimwene, mnzanu uja sanakunamizeni. Seva imadzuka bwinobwino m'mimba mwake mulibe disiki, ndipo luso limeneli ndi lakale kuposa ambiri amene akuligwiritsa ntchito lero. Ndondomeko yotchedwa BOOTP, yothandiza makina opanda disiki kupeza adiresi ndi fayilo yoyambira, inalembedwa mu 1985. Za ku Lilongwe zija ndiyankhiretu kuti abwana asadikire: musayese, ndipo masamu ake ndiwaika kumunsiku. Za m'kati mwa ofesi yanu ndiye tikhale pansi, chifukwa disiki imene mukufuna kuichotsayo sichoka kwenikweni. Ntchito yake imangosamukira pa chingwe, pa swichi (kabokosi kolumikiza zingwe za netiweki), pa magetsi ndi pa makina achiwiri aja, ndipo chilichonse mwa izi chikadwala, seva yadwala.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mukadina batani loyatsira. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kokhala pa bolodi, BIOS pa makina akale kapena UEFI pa atsopano, ndipo ntchito yake ndi kufunafuna poyambira. Nthawi zambiri kamayang'ana pa disiki. Koma khadi la netiweki la pafupifupi seva iliyonse lili ndi kapulogalamu kakekake kotchedwa PXE, komwe anakonza ndi a Intel, ndipo mtundu wake wa 2.1 unatuluka mu 1999. Pa makina ambiri mukadina F12 poyatsa, mukuuza seva kuti isiye za disiki, ifunse pa chingwe. Anyamata okonza makompyuta amati kubuta pa netiweki. Ine ndizingoti kudzuka.

Pa nthawi imeneyo seva ili ngati mlendo wotsika basi usiku pa depoti, wopanda nambala ya foni ya munthu aliyense. Sidziwa adiresi yake, sidziwa kopita. Imangofuula kwa onse a pa netiweki, ndipo woyankha ndi DHCP, yemwe uja amagawira malaputopu ndi mafoni anu maadiresi tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'koti pano yankho liyenera kukhala ndi zinthu zina ziwiri: makina okatengako fayilo yoyambira, ndi dzina la fayiloyo. M'makonzedwe a DHCP zimenezi mudzaziona ngati option 66 ndi option 67. Seva ikamva zimenezo imapita kukatenga fayilo ija kudzera pa TFTP, njira yotumizira mafayilo, pa poti 69 (nambala ya khomo lake pa netiweki), n'kuiika mu RAM, malo osungira zinthu mongoyembekezera makina ali choyaka, n'kuyamba kuitsatira.

Apa pali chopunthwitsa choyamba. M'maofesi ambiri wogawa maadiresi ndi rauta imene inabwera ndi intaneti, ndipo marauta otere kawirikawiri alibe malo olembapo za fayilo yoyambira. Ena amafulumira kuyatsa DHCP wachiwiri pa makina a Linux, woyambayo akadali moyo. Atambala awiri salira m'khola limodzi: mudzaona makompyuta a m'ofesi akulandira maadiresi osokonekera, pulinta yasowa, akalaliki akukuyang'anani ndi diso lofiira. Njira yabwino ndi pulogalamu ya dnsmasq, yomwe ili ndi kachitidwe kotchedwa proxy. Mukaiika motero sigawa adiresi iliyonse. Rauta imapitiriza ntchito yake, dnsmasq imangowonjezera mawu amodzi kwa makina ofuna kudzuka, akuti fayilo yako ili apa.

TFTP ndi kandondomeko kosauka, kopangidwa dala kuti kakwane m'kachipangizo kakang'ono. Pa chiyambi chake kamatumiza mabayiti 512, n'kudikira kuti wolandira avomere, kenako 512 ena. Ndi ngati kusamutsa thumba la chimanga ndi chikho, ndipo chikho chilichonse uzidikira kuti wa kutsidya anene kuti chafika. N'chifukwa chake anthu odziwa amagwiritsa TFTP potengera kafayilo kamodzi kokha kakang'ono, kotchedwa iPXE. Iyi ndi pulogalamu yaulere yomwe inaphukira pa gPXE mu 2010, ndipo gPXE nayo inachokera ku Etherboot. Ikalowa mu RAM, seva yaphunzira zinenero zina: imatha HTTP, imatha iSCSI, imathanso kuwerenga malangizo amene mwailembera. Makina a BIOS amafuna fayilo ya undionly.kpxe, a UEFI amafuna ipxe.efi kapena snponly.efi, ndipo mukasinthanitsa palibe chidzayende. Ngati Secure Boot, chitetezo cha UEFI chokana mafayilo oyambira osavomerezeka, ndi yoyatsa ndipo fayiloyo ikukanidwa, yambani mwaithimitsa pa nthawi ya mayeso.

Chenjerani ndi kamsampha kamodzi koseketsa. iPXE ikadzuka imafunsanso DHCP, ndipo DHCP amaiuza zomwe zija, kuti katenge iPXE. Imatenga, imadzuka, imafunsanso, mpaka dzuwa kulowa. Mankhwala ake ndi kuuza dnsmasq kuti wofunsa akadzitchula kuti ndi iPXE apatsidwe malangizo ena, kapena kusokerera malangizowo m'kati mwa fayilo ya iPXE pomwe mukuipanga. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani, momwe seva idzaonere disiki ya kutaliyo. Njira zodziwika ndi ziwiri, ndipo ndi zosiyana kwambiri ngakhale anthu amazitchula ngati mapasa.

Yoyamba ndi NFS, yomwe inachokera ku Sun Microsystems mu 1984. Apa makina osungira, tiwatche nkhokwe, ndiwo mwini mafayilo. Seva imapempha fayilo potchula dzina, nkhokwe imapereka, ndipo nkhokweyo ndiyo imadziwa chili pati. Zili ngati sitolo ya kopaletivi yokhala ndi kalaliki pa windo: anthu khumi akhoza kubwera nthawi imodzi, kalaliki ndiye amasunga dongosolo. Ubwino wake ndi umenewo, makina ambiri amagawana malo amodzi osapwetekana. Linux imadzukira pa NFS mosavuta. Windows ayi.

Yachiwiri ndi iSCSI, yomwe inakhazikitsidwa mu 2004 ndipo imayenda pa poti 3260. Iyi sidziwa za mafayilo. Nkhokwe imangodula gawo la malo ake, lotchedwa LUN, n'kulipereka ngati disiki yosalembedwa kanthu, ndipo seva imaliona ndendende ngati disiki yomangidwa m'mimba mwake. Imaligawa yokha, imalifomata yokha. Ndi munda wobwereka: mwini munda amadziwa malire okha, zimene mwadzalamo sadziwa. Wopempha amatchedwa initiator, wopereka amatchedwa target, ndipo aliyense ali ndi dzina lalitali loyamba ndi iqn. Pa makina anu a Linux mbali yopereka ilimo kale mu kernel, womwe ndi mtima wa Linux, imatchedwa LIO, ndipo mumailamulira ndi targetcli. Kwa seva imodzi yokhala ndi database ya mamembala ndi malipiro, iSCSI ndiyo ndingasankhe, chifukwa mapulogalamu otere amayembekeza disiki yeniyeni ndipo amaipeza.

Koma munda wobwerekawo ndi wa mlimi mmodzi. Ndinaitanidwapo ku ofesi ina ku Mchinji komwe mnyamata wakhama ndithu anafuna kukopera mafayilo mwachangu. Analumikiza laputopu yake ku LUN yomwe seva inali kugwiritsa ntchito, n'kuitsekula. Onse awiri ankaona ngati disiki ndi yawo yokha, aliyense akulemba kaundula wake pamwamba pa wa mnzake. Palibe uthenga wochenjeza umene unatuluka. Pofika madzulo mafoda anali atasanduka zinyalala, ndipo tinapulumukira pa kope la dzana. Mafomati wamba monga ext4, XFS ndi NTFS sanapangidwe kuti makina awiri azilembamo limodzi. Alipo ena opangidwira zimenezo, monga GFS2 ndi OCFS2, koma si a msinkhu wa ofesi yanu. Mu targetcli lembani kuti LUN imeneyi ndi ya initiator mmodzi yekha, wina aliyense akanidwe.

Malangizo a iPXE odzukira pa iSCSI ndi afupi kwambiri. Nachi chitsanzo, maadiresi ndi mayina musinthe:

#!ipxe
:yesanso
dhcp && sanboot iscsi:192.168.10.2::::iqn.2024-01.local.ofesi:seva1 ||
sleep 15
goto yesanso

Timadontho tinayi totsatana tija si kulakwitsa kwa kalembedwe. Ndi malo a protocol, poti ndi nambala ya LUN, omwe asiyidwa opanda kanthu kuti atenge zachizolowezi. LIO imayamba kuwerenga pa LUN 0, choncho zikukwanira. Mukagwiritsa pulogalamu ina yotchedwa tgt, disiki yoyamba imakhala LUN 1 ndipo muyenera kuilemba. Mizere iwiri yomalizayo, yodikira ndi kuyesanso, ndiyo yofunika koposa kwa ife a kuno, ndipo ndibwererako. Onaninso m'makonzedwe a UEFI a seva yanu, chifukwa maseva ambiri ali ndi initiator yawoyawo ya iSCSI m'menemo. Ngati ilimo, mukhoza kulemba adiresi ya nkhokwe pomwepo n'kuiwala za PXE ndi TFTP.

Pamene ambiri amagwera si apa ayi, ndi pa sitepe yotsatira. iPXE yalumikiza disiki, GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, waoneka, kernel yayamba kudzuka, mtima wanu wayamba kuvina. Kenako zonse zaima, uthenga ukuti disiki ya root, imene pamakhala Linux yenseyo, sikupezeka. Chimene chachitika n'chakuti kernel ikatenga ulamuliro siilandira chingwe cha iPXE ngati cholowa. Imayatsa khadi la netiweki mwatsopano, ndipo kulumikizana kuja kumaduka. Iyenera kudzilumikiza yokha, koma mapulogalamu olumikizira ali pa disiki yomwe sinaifikire. Kiyi watsekeredwa m'nyumba.

Chotulukira chake chili pawiri. iPXE isanachoke imasiya kakalata mu RAM kotchedwa iBFT, momwe mwalembedwa adiresi ya seva, adiresi ya nkhokwe ndi dzina la target. Ndipo Linux ili ndi kachikwama ka paulendo kotchedwa initramfs, komwe kamatsekulidwa disiki yaikulu isanapezeke. M'kachikwamamo muyenera kukhala draiva wa khadi lanu la netiweki ndi zida za open-iscsi, ndipo muyenera kukauza kuti kawerenge kakalata kaja. Pa Rocky Linux, AlmaLinux ndi anzawo ogwiritsa dracut mumawonjezera rd.iscsi.firmware=1 pa mzere wa kernel. Pa Debian ndi Ubuntu mumalemba ISCSI_AUTO=true mu fayilo ya /etc/iscsi/iscsi.initramfs, kenako update-initramfs -u. Njira yosavutitsa mutu ndi kuika Linux mwatsopano molunjika pa LUN, chifukwa pulogalamu yoikira ikaona kuti root ili pa iSCSI imalongedza kachikwamako yokha. Kukopera disiki yakale n'kuyembekeza kuti idzuka ndiko kumadyetsa anthu masiku atatu.

Seva ikadzuka, khadi la netiweki limene likunyamula disiki lisakhudzidwenso. Pulogalamu yoyang'anira netiweki ikaganiza zolithimitsa kwa kamphindi kuti ipemphe adiresi yatsopano, seva imauma pomwepo, chifukwa ngakhale lamulo loliyatsanso lili pa disiki imene yangotayika. Lipatseni adiresi yokhazikika, ndipo inuyo musadzayese kuyambitsanso netiweki pa seva imeneyi ngati mmene mumachitira pa zina.

Zonsezi mungazipeze m'mabuku olembedwa kunja. Chimene mabukuwo sanena mokwanira ndi magetsi, chifukwa olembawo amakhala kumene magetsi kuthima ndi nkhani ya pa wailesi. Kuno tiyenera kuganiza kuyambira pa kuthima.

Magetsi akabwera, makina onse amayaka nthawi imodzi. Seva yanu, yopanda disiki yoti iiyembekeze, ikhoza kufika pofunsa pa netiweki nkhokwe isanamalize kudzuka, makamaka ngati nkhokweyo inathima mwadzidzidzi ndipo ikuunika madisiki ake. Seva ifunsa, palibe woyankha, itaya mtima n'kuima pa uthenga woti palibe poyambira. Nkhokwe idzuka patapita mphindi ziwiri, koma mlendo wagona kale pa depoti. Ngati zachitika Loweruka usiku, mudzazipeza choncho Lolemba. Apa ndi pamene mizere ija ya sleep ndi goto imagwira ntchito, koma kumbukirani kuti imathandiza pokhapokha iPXE italowa kale mu RAM. Ngati iPXE yomweyo imachokera pa nkhokwe, ndiye kuti nayonso palibe. Choncho yang'anani mu BIOS ngati muli makonzedwe ochedwetsa kuyaka magetsi akabwera, ndi ena oti izibwereza kufunafuna poyambira. Kapena chitani chimene ine ndimachita: ikani iPXE pa fulashi yaing'ono, muibaye pa poti ya USB, maseva ambiri ali nayo ina m'kati mwa bokosi momwe dzanja la munthu silifika. Fulashiyo imangowerengedwa kamodzi podzuka, siilembedwa, choncho sikutha msanga. Mukatero DHCP wapadera ndi TFTP mwathana nazo, seva imadzuka n'kudikira nkhokwe moleza mpaka itayankha.

Swichi nayo ili ndi khalidwe lake. Maswichi okhala ndi makonzedwe, aja okwera mtengo, amakhala ndi spanning tree, njira yoletsa mauthenga kumangozungulira m'zingwe, ndipo mtundu wake wakale umagwira poti kwa masekondi 30 isanayambe kudutsitsa kanthu. PXE ikhoza kutopa nthawiyo isanathe. Pa poti ya seva yatsani chimene a Cisco amachitcha portfast, ena amati edge port.

Pa UPS, batire losunga makina ali oyaka magetsi akathima, pakhale zinthu zitatu: seva, nkhokwe ndi swichi. Ndaonapo kangapo seva ndi nkhokwe zili pa mabatire abwino, kaswichi ka pakati kali pa soketi ya pakhoma limodzi ndi ketulo. Magetsi akathima makina awiriwo amakhala amoyo koma osaonana. Pulogalamu ya open-iscsi mwachizolowezi imadikira masekondi 120, pa makonzedwe otchedwa replacement_timeout, kenako imauza Linux kuti disiki yafa, ndipo Linux imasiya kulembamo. Ngati mlonda amatenga mphindi zisanu kuti alize jenereta, mwachedwa kale. Kwa seva yodzukira pa iSCSI nambala imeneyi imakwezedwa kwambiri, ena amaika 86400, lomwe ndi tsiku lathunthu, kuti seva ingouma n'kudikira, chingwe chikabwerera ipitirize pomwe inalekera. Ndipo batire likamatha, yoyamba kuthima ikhale seva, nkhokwe pambuyo. Mukatembenuza, zimene seva inali kulemba zimathera m'malere.

Nyengo ya mvula ikuwonjezerapo china. Chingwe cha kopa chodutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina chimakoka mphamvu ya mphenzi ngakhale itagwera patali, ndipo chimawotcha mapoti. Seva ndi nkhokwe zikhale m'chipinda chimodzi. Ngati n'zosatheka, pakati pa nyumba ziwirizo padutse faiba.

Za liwiro sindichedwapo. Chingwe cha gigabit chimanyamula pafupifupi 110 MB pa sekondi, zomwe sizisiyana kwambiri ndi disiki imodzi yozungulira, choncho pa ntchito ya kopaletivi simudzadandaula. Swichi ya 100 Mbps imathera pa 12 MB, ndipo imeneyo ndi ndende. Onetsetsani ndi ethtool kuti khadi lalumikizanadi pa 1000, chifukwa gigabit imafuna mawaya onse 8 a m'chingwe, ndipo chingwe chophanidwa mwaulesi chimatsikira pa 100 mwakachetechete. Popeza seva zambiri zili ndi mapoti awiri kapena anayi, tengani imodzi muilumikize molunjika ku nkhokwe ndi chingwe chachifupi, popanda swichi pakati, mbali zonse ziwiri ndi maadiresi okhazikika. Mukatero mu malangizo a iPXE muja mulembamo adiresi m'malo mwa dhcp. Mwachotsa swichi pa mndandanda wa zokugwetsani, ndiponso wina akamakopera mavidiyo a ukwati pa netiweki ya ofesi, disiki ya seva siimva.

Chingwe cholunjikachi chimathandizanso pa chitetezo. PXE ndi TFTP sizifunsa munthu kuti ndiwe yani. iSCSI ili ndi CHAP, yomwe imafunsa dzina ndi pasiwedi polowa, ndipo muiyatse, koma zimene zikudutsa pa chingwe pambuyo pake sizibisidwa. Mayina a alimi, manambala a zitupa zawo ndi ndalama zawo zimayenda poyera. Pa chingwe cha mita imodzi m'chipinda chokhoma palibe vuto. Pa netiweki imene alendo amalowapo ndi Wi-Fi, vuto lilipo.

Tsopano za abwana. Kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo mtundawo pawokha si kanthu, pakuti kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Vuto ndi njira imene uthenga umadutsa: nsanja ya foni, makina a kampani, mizere ya anthu ena, mwina mpaka kuzungulira kutali musanafike ku ofesi ya ku likulu. Yesani nokha ndi ping, lamulo loyeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. M'chipinda mwanu mudzaona nambala yosafika milisekondi imodzi. Ku Lilongwe kudzera pa intaneti ya foni mudzaona makumi angapo, ndipo izidumphadumpha.

Tiyerekeze kuti mwapeza milisekondi 50. Fayilo ya 50 MB pa TFTP ya mabayiti 512 ndi zidutswa 102,400, chilichonse chodikira yankho. M'chipinda, pa theka la milisekondi, ndi masekondi 51. Pa milisekondi 50 ndi masekondi 5,120, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 25, fayilo imodzi. Mukhoza kuzemba TFTP ndi HTTP, koma iSCSI simungaizembe. Seva podzuka imawerenga tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo nthawi zambiri kachiwiri kamadikira koyamba. Pa milisekondi 50 ndi maulendo 20 okha pa sekondi. Database nayo ikalemba malipiro a mlimi mmodzi imadikira chitsimikizo chakuti zafika pa disiki isanapite kwa wotsatira. Onjezani kuti chilichonse chimene seva yawerenga chikudya bandulo, ndi kuti netiweki ikangodukiza pang'ono seva yauma mlimi ali pa windo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo anthu a ku Kasungu safunika kuwamasulira mwambi umenewu. Makampani akuluakulu amene amadzutsa maseva mazanamazana motere amasunga nkhokwe m'nyumba yomweyo, pa zingwe zawozawo.

Chimene abwana akufuna kwenikweni, ndikuganiza, n'chakuti ofesi ikapsa kapena akuba akathyola, zolembedwa zisatayike. Chimenecho n'chanzeru, ndipo njira yake ndi ina: usiku uliwonse kope la database ndi mafayilo osintha lizipita ku Lilongwe ndi pulogalamu yokopera ya rsync kudzera pa njira yobisa zodutsa, SSH kapena VPN. Likachedwa palibe wavulala, likaduka lipitiriza. Poti 3260 isatsekulidwe ku intaneti ngakhale tsiku limodzi. Kopeli mukulifuna ndithu, chifukwa madisiki anayi a mu nkhokwe, ngakhale ali pa RAID, njira yogwirizanitsa madisiki angapo, amangokutetezani disiki imodzi ikafa. Fayilo yofufutidwa molakwitsa imafufutika pa onse.

Mwafunsa ngati zimatheka, koma mundilole ndinene zimene ndikanachita ndikanakhala pa mpando wanu. Kwa seva imodzi yokha, ndikanayamba ndafunsa ngati vutoli silingathe ndi SSD wamba, disiki yosazungulira. Mwati madisiki a mtundu wake sapezeka, ndipo ndikuganiza kuti ndi a SAS, mtundu wa m'maseva, osati SATA ya m'makompyuta wamba. Ambiri sadziwa kuti malo obayapo disiki ya SAS amalandiranso ya SATA, ngakhale kuti ya SAS singalowe pa SATA. SSD ya SATA ya 120 GB kapena 240 GB, yomwe imapezeka m'masitolo a makompyuta ku Lilongwe, ikhoza kulowa m'kabati komwe munali disiki yakufayo. Linux ikhale pamenepo, zolembedwa zikuluzikulu zikhale pa nkhokwe kudzera pa iSCSI kapena NFS. Seva yotere imadzuka yokha ngakhale nkhokwe itachedwa, ndipo pakavuta mumatha kulowamo n'kuona chavuta n'chiyani. Seva yopanda disiki ikauma simuona kanthu, chifukwa ngakhale malo olembapo madandaulo ake apita.

Ndikanafunsanso chimene chikupha madisikiwo. Kufa kawiri si tsoka chabe. Mwina anali okalamba kale pogula, ndipo smartctl ikuuzani maola amene disiki yagwira ntchito. Mwina ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'kachipinda kopanda mpweya, fumbi litatseka mafani. Mwina ndi magetsi odukaduka opanda UPS. Ngati ndi kutentha kapena magetsi, nkhokwe ili m'chipinda chomwecho ndipo ikudya zomwezo, tsono mukufuna kuisenzetsa katundu yense.

Sindikunyoza njirayi. Pali pamene imawala. Mukakhala ndi makompyuta 20 ofanana, monga m'chipinda chophunzitsira pa sukulu, LTSP, yomwe inayamba mu 1999, imawadzutsa onse kuchokera pa kope limodzi la Linux, ndipo mukakonza pamodzi mwakonza ponse. Ngakhale kwa inu phindu lilipo limodzi lalikulu. Seva ya kaunjika tsiku lina idzafa bolodi, mwina pakati pa msika wa fodya, magalimoto akupita ku Chinkhoma ndipo alimi akufuna ndalama zawo. Ngati zonse zili pa LUN, mumazula fulashi ija, mumaibaya pa kompyuta ina yamphamvu, mumaonetsetsa kuti yakaleyo yazulidwa ku magetsi, ndipo ntchito imapitirira tiyi asanazizire. Kuti zimenezi zidzatheke, initramfs ikhale ndi madraiva a makhadi osiyanasiyana, osati a seva imodzi yokhayo, ndipo BIOS kapena UEFI zifanane pa makina awiriwo. Ngati LUN ili pa LVM kapena ZFS, njira zoyendetsera madisiki, mumathanso kujambula snapshot, kope la mmene disiki ilili pa nthawiyo, musanasinthe pulogalamu iliyonse, zikavuta n'kubwerera.

Mukasankha kupita nazo, musayambire pa seva ya ntchito. Dulani LUN ya 20 GB, tengani kompyuta ina yongokhala, ikani Linux, muione ikudzuka katatu motsatana. Kenako Loweruka masana, ofesi itatsekedwa, ichiteni nkhanza. Zulani chingwe cha netiweki kwa mphindi zisanu n'kubwezera, muone ngati ikupitiriza. Thimitsani nkhokwe yokha n'kuiyatsa. Pomaliza gwetsani magetsi a chipinda chonse pa bokosi, UPS itazimitsidwa, muwabwezere, manja m'thumba, muone ngati zonse zidzuka popanda inu kudina kanthu. Zikapambana mayeso atatuwa, samutsani seva yeniyeni. Ndipo lembani pa pepala adiresi ya nkhokwe, dzina la iqn, chimene fulashi ija ili, ndi ndondomeko yoyatsira ndi yothimitsira, mulimate pa chitseko cha kabati, pasiwedi ya CHAP yokha ikhale mu envelopu kwa abwana. Tsiku limene mudzakhale ku maliro ku Santhe foni ilibe netiweki, amene adzaime kutsogolo kwa seva ija adzakhala kalaliki wa malipiro.